Mafunso ndi mayankho: kusankha draivu yobenera ma CD pa kompyuta ya kunyumba

Bambo wina wa ku Nchalo akufunsa: Kwaya yathu yajambula nyimbo khumi ndipo tikufuna kubena ma CD oti tizigulitsa pa tchalitchi. Ndili ndi kompyuta ya patebulo yomwe ndinagula yakale, koma draivu yake imangowerenga. Ndigule yotani?

Bambo, musanakwere minibasi ya ku Blantyre, zimitsani kompyutayo, muzule kumagetsi, mutsegule chivundikiro cha m'mbali n'kuyang'ana kumbuyo kwa draivu imene ilimo. Zimene muone kumeneko ndi zimene zikuuzeni choti mugule.

Mukapeza chingwe chachikulu chophwatalala ngati lamba, chotuwa, chokhala ndi timabowo 40 kumapeto, imeneyo ndi IDE. Magetsi ake amalowera pa pulagi yoyera ya mawaya anayi: wachikasu, wofiira ndi akuda awiri. Mukapeza kachingwe kakang'ono kopyapyala, nthawi zambiri kofiira kapena kakuda, imeneyo ndi SATA, ndipo pulagi yake ya magetsi ndi yakuda, yophwatalala. Ma draivu atsopano a mkati mwa kompyuta onse masiku ano ndi a SATA. A IDE anasiya kupangidwa kale, mungawapeze ochotsedwa m'makompyuta ena basi. Ngati draivu yakaleyo ndi ya IDE, suzumirani pa motherboard, bolodi lalikulu la mkati limene zingwe zonse zimalumikizidwapo, chifukwa makompyuta ambiri a m'ma 2005 mpaka 2009 anali ndi mitundu yonse iwiri, ndiye mwina pali malo a SATA amene angokhala osagwira ntchito.

Pogula musavutike kufunafuna yobena ma CD okha. Funsani DVD writer. Imabena CD ndi DVD zomwe, ndipo ndi imene ikupezeka. Pa thireyi pake pakhale polembedwa DVD-RW kapena DVD Multi Recorder. Pakangolembedwa DVD-ROM, imeneyo imangowerenga ngati imene muli nayo kale. Palinso ina yotchedwa Combo, imene imabena CD koma DVD imangowerenga. Ntchito ya kwayayi ingagwire, koma tsiku limene mudzajambule vidiyo mudzagulanso ina.

Makampani odalirika ndi LG, ASUS ndi Lite-On. LG GH24, ASUS DRW-24 ndi Lite-On iHAS124 sasiyana kwenikweni pa ntchito ya pakhomo, tengani imene mwaipeza yatsopano m'katoni mwake. Kumbukirani kugulanso chingwe cha SATA, nthawi zambiri sichibwera ndi draivu. Kuika kwake n'kosavuta: masulani masikuluwu a draivu yakale, ikankhireni kutsogolo, lowetsani yatsopano pamalo omwewo, mangani, lumikizani zingwe ziwiri zija. Windows imaizindikira yokha popanda kuikamo pulogalamu ina.

Wachinyamata wa ku Ngabu akufunsa: Wogulitsa akuti nditenge ya 52x chifukwa ndi yamphamvu kuposa ya 48x. N'zoona?

Achimwene, nambala imeneyo isakudyereni ndalama. Imangonena liwiro. 1x ndi liwiro limene wailesi imaimbira CD, ndiye chimbale cha mphindi 80 chingatenge mphindi 80 kuti chidzaze pa 1x. Pa 16x chimatenga pafupifupi mphindi zisanu. Pa 48x kapena 52x chimatenga mphindi zosakwana zitatu, ndipo liwiro lalikululo draivu imalifika kumapeto kokha, kunja kwa chimbale. Imayambira pakati, pang'onopang'ono. Kusiyana kwa 48x ndi 52x ndi masekondi ochepa chabe.

Komanso pa 52x chimbale chimazungulira maulendo pafupifupi 10,000 pa mphindi imodzi. Chikakhala ndi kamng'alu pa bowo lapakati chikhoza kusweka mkati mwa draivu. Chikakhala chotchipa, chopindika pang'ono, chimanjenjemera, ndipo timadontho timene leza, kuwala kumene draivu imalembera ndi kuwerengera chimbale, ikuwotcha sitituluka bwino. Kompyuta yanu idzachiwerenga, koma wailesi yakale idzayamba kudumphadumpha nyimbo zomaliza. Nyimbo benani pa 16x, ngakhale draivu itakhala ya liwiro lotani. Kutsika kwambiri mpaka 2x kapena 4x sikuthandizanso, chifukwa zimbale za masiku ano zinapangidwira liwiro lokwererapo, ndipo ma draivu ambiri atsopano sakulolani n'komwe.

Mayi wina wa ku Bangula akufunsa: Laputopu yanga ilibe poikira CD. Ndinagula draivu ya USB koma ikayamba kubena imalira kuti tiki tiki kenako imazima n'kuyakanso. Ndaononga zimbale zambiri. Yafa?

Mayi, kawirikawiri draivu yotere imakhala yabwinobwino, vuto ndi magetsi amene ikulandira. Draivu yopyapyala ya USB ilibe pulagi yakeyake, imadya magetsi a laputopu kudzera pa chingwe chomwecho. Bowo la USB 2.0 linapangidwa kuti lizipereka 500 mA, la USB 3.0 limapereka 900 mA (mA ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi). Powerenga, draivu imakwanitsa ndi zochepazo. Pobena ndi pamene mota ikuthamanga, leza nayo yakwezedwa mphamvu kuti iwotche utoto wa m'chimbale, ndiye magetsi akaperewera imazima n'kuyambiranso. Chimbale chimene chinali mkati chatha ntchito basi.

Yesani izi motsatana. Lumikizani laputopu ku chaja pobena, chifukwa ikakhala pa batire imachepetsa mphamvu. Zulani china chilichonse cha USB: foni imene mukutchaja, fulashi, modemu. Gwiritsani ntchito bowo la buluu mkati ngati lilipo, limenelo ndi USB 3.0. Draivu ilowe mwachindunji mu laputopu, osadzera pa hub (kabokosi kochulukitsa mabowo a USB) kapena chingwe chowonjezera kutalika, ndipo chingwe chikhale chachifupi chimene chinabwera nayo. Zikakanikabe, gulani chingwe cha mitu iwiri chooneka ngati Y. Mutu umodzi umanyamula mafayilo ndi magetsi, winawo magetsi okha, ndiye draivu imamwa pa mabowo awiri.

Kwa amene sanagule: ma draivu a USB a LG ndi ASUS ZenDrive amabena CD pa 24x ndi DVD pa 8x, zomwe n'zokwanira pakhomo. Chenjerani ndi timabokosi topanda dzina totchipa kwambiri. Tambiri mkati mwake mumakhala draivu yakale yochotsedwa mu laputopu yakufa, angoiveka chikhokhombe chatsopano. Kuti mudziwe, ilumikizeni, mutsegule Device Manager mu Windows, muone pa DVD/CD-ROM drives. Dzina limene lituluke pamenepo ndi la draivu yeniyeni ya mkati.

Koma ngati mukufuna kubena zimbale 50 kapena 100 tsiku limodzi, yopyapyalayi si yake ntchito imeneyo. Imatentha msanga, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kuno kuchigwa kutentha kumapitirira madigiri 40. Ntchito yochuluka choncho ndi ya draivu yaikulu ya mkati mwa kompyuta ya patebulo.

Woyendetsa minibasi pa msewu wa Chikwawa ndi Nsanje akufunsa: CD imene ndabena ikuimba pa kompyuta koma wailesi ya m'galimoto ikuti No Disc. Draivu yanga ndi yachinyengo?

Draivu ilibe mlandu apa, adalaivala. Pali zinthu zitatu zoti muone.

Choyamba ndi mtundu wa CD imene mwapanga. Mukakoka mafayilo a MP3 n'kuwaponya pa chimbale ngati mmene mumachitira ndi fulashi, mwapanga Data CD. Imalowa nyimbo zoposa 100 mu 700 MB, koma imaimba pa wailesi yokhayo yolembedwa MP3 kutsogolo kwake. Wailesi yakale imafuna Audio CD, imene imayezedwa ndi nthawi, mphindi 80 basi, kaya mafayilo anu ndi aang'ono bwanji. Mu Windows Media Player pitani pa Burn, musankhe Audio CD. Pulogalamu yaulere ya CDBurnerXP nayo ili ndi batani la Audio disc poyambirira pomwe.

Chachiwiri, chimbale chiyenera kutsekedwa. Mapulogalamu amalemba Finalize disc kapena Close disc. Chikasiyidwa chotsegula kuti mudzawonjezere zina, mawailesi ambiri sachiona.

Chachitatu, gwiritsani ntchito CD-R, osati CD-RW. CD-RW imafufutika n'kulembedwanso, n'zoona, koma siibweza kuwala kwa leza mokwanira, ndiye diso la wailesi yakale limalephera kuiona. Komanso musabene pa DVD n'kuika mu wailesi ya CD. Zimafanana maonekedwe, koma leza yake ndi yosiyana.

Mphunzitsi wa ku Chikwawa boma akufunsa: Yatsopano yadula. Pali amene akugulitsa yakale pa mtengo wotsika. Ndiidziwa bwanji kuti ili bwino?

Aphunzitsi, yakale ikhoza kukutumikirani, bola muiyese pamaso pa wogulitsayo musanapereke ndalama. Nyamulani CD yanyimbo imene mukudziwa kuti ili bwino, DVD imodzi, ndi CD-R yopanda kanthu.

Dinani batani la thireyi kangapo. Izituluka ndi kulowa yokha, osaikankha. Kenako ikani CD, muone ngati yawerenga m'masekondi ochepa. Ikani DVD. Pamenepa ambiri amapusitsika, chifukwa mkati mwa DVD writer muli ma leza awiri, wina wa CD wina wa DVD, ndipo mmodzi akhoza kufa mnzake akugwirabe ntchito. Wogulitsa akakuonetsani filimu ya DVD ikusewera, sizikutanthauza kuti mbali ya CD ili moyo.

Chomaliza, benani CD-R ija mpaka kudzaza, mutachonga Verify kuti pulogalamu iwerengenso zimene yalemba. Leza yotopa imawerengabe koma imalephera kuwotcha, ndipo imagonjera kumapeto kwa chimbale, ndiye kubena nyimbo ziwiri zokha sikukuuzani kanthu. Wogulitsa akakana kuti muyese, isiyeni. Onaninso pepala la pamwamba pa draivu, pamalembedwa mwezi ndi chaka chimene inapangidwa. Ndipo muyang'ane dzimbiri pa masikuluwu ndi timizere ta matope m'makona. Katundu wina amene ananyowa ndi madzi osefukira a namondwe wa Freddy mu 2023 anangoumitsidwa padzuwa.

Wina wa ku Dyeratu akufunsa: Draivu inali bwino, pano ikulemba Power calibration error, ndipo thireyi imakana kutuluka mpaka ndiimenye.

Lekani kuimenya, amenewa ndi mavuto awiri osiyana ndipo nthawi zambiri amakonzeka.

Isanayambe kubena, draivu imayesa kaye mphamvu ya leza pa kamalo kakang'ono pafupi ndi bowo lapakati la chimbale. Ikalephera kupeza mphamvu yoyenera ndi pamene imalemba uthenga umenewo. Yambani ndi kusintha zimbale. Gulani ziwiri kapena zitatu za kampani ina, monga Verbatim, muyese pa 16x. Zikatheka, vuto linali zimbale zija. Zikakanika, diso lada. Kuno fumbi la chilimwe ndi phulusa la nzimbe zikamawotchedwa ku Nchalo zimalowa paliponse, ndipo fani ya kompyuta imazikokera mkati kudzera pa kampata ka thireyi. Chotsani draivu, masulani masikuluwu anayi a pansi, tsegulani chivundikiro. Muona kadiso kagalasi kakang'ono ngati njere ya mapira. Nyowetsani pang'ono kathonje ka m'khutu ndi isopropyl alcohol (sipiriti wotsukira zipangizo zamagetsi), pukutani mopepuka osasindikiza, chifukwa kadisoko kamalendewera pa timawaya topyapyala. Dikirani kaume. Musagwiritse ntchito mafuta a nyale, petulo kapena malovu. Zikakanikabe pamenepa, leza yatha, ndipo kuisintha kumadula kuposa kugula draivu ina.

Za thireyi, wolakwa ndi kalamba ka labala kamene kali kutsogolo, pansi pa thireyiyo. Kutentha kumakafutukula n'kukachititsa kuterera. Wongolani kawaya kopanira mapepala, lowetsani pa kabowo kakang'ono kali pafupi ndi batani, kankhani, thireyi ituluka pang'ono, ndiye muikoke ndi dzanja. Kalambako kaoneka pa timawilo tiwiri. Katulutseni, kapukuteni pamodzi ndi timawiloto ndi isopropyl yomweyo. Kakakhala kotambasuka kwambiri, tengani ka draivu ina yakufa. Mphira yomangira ndalama imagwira masabata ochepa kenako imamata.

Mayi wa ku Nsanje akufunsa: Ndikufuna kusunga zithunzi za ukwati ndi masatifiketi pa CD. Zikhalitsa?

Zikhalitsa ngati chimbale ndi chabwino komanso mwachisunga pabwino, amayi. CD-R imasunga zinthu mu utoto wopyapyala umene umaonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi, ndipo kwathu kuno zonse zitatu zilipo. Chimbale chosiyidwa pa dashibodi ya galimoto masana chimapindika. Chosiyidwa pa windo chimazilala. Sungani chilichonse mu kesi yake, choimika, mu kabati ya m'chipinda chozizira, pa shelefu ya m'mwamba kumene madzi sangafike, osati pamwamba penipeni pafupi ndi malata.

Mbali yosalimba ya CD ndi ya pamwamba, polembedwa dzina, chifukwa zimene mwabena zili pansi penipeni pa utoto wa pamwambawo. Musalembepo ndi bolopeni ndipo musamatepo pepala, gwiritsani ntchito maka yofewa. Popukuta pansi pake, yambani pakati kupita kunja, osati mozungulira.

Zithunzi zikachuluka benani pa DVD-R, imalowa 4.7 GB, zomwe ndi ma CD oposa asanu ndi limodzi. Pobena chongani Verify, ndipo ngati kompyuta ndi ya patebulo yopanda UPS (batire yoigwirizira magetsi akazima), sankhani nthawi imene magetsi akhazikika, chifukwa akazima pakati chimbale chimenecho sichibenekanso. Pangani ziwiri, china mukasungitse kwa abale okhala kumtunda, ndipo mafayilo omwewo muwaikenso pa fulashi kapena pa Google Drive, imene imapereka 15 GB yaulere. Chaka chilichonse tulutsani zimbalezo muziyese. Mukaona kuti china chayamba kuchedwa kutsegula, koperani zonse pa chatsopano tsiku lomwelo.