Chitsulo sitichilimbikitsa, timachilimbitsa

Funso: Ndikuphunzira umakaniko ku Lizulu. Bellhousing ya galimoto ina yachita mng'alu, ndiye papepala la mtengo ndalemba kuti "kuwotcha ndi kulimbikitsa". Abwana anga angoseka. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Mawu onse awiri aphonya, achimwene. Timawotcha chimanga kapena njerwa, koma kulumikiza zitsulo ndi moto ndi kuwotcherera. Timalimbikitsa munthu, monga namfedwa, pomwe chitsulo timachilimbitsa. Dzina loti bellhousing lisiyeni choncho. Mwini galimoto akafunsa, muuzeni kuti ndi chigoba chomwe chimagwirizitsa giyabokosi ku injini n'kuphimba flywheel (gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini) ndi clutch.

"Yachita mng'alu" mwanena bwino ngati chigobacho chikadali chamtunthu. Pakachoka chidutswa, chasweka. Khutu lolowa bawuti ndiye limathyoka. Chitsulo chophimba pamng'alu ndi chigamba, koma chopingasa chogwira mbali ziwiri ndi mchirikizo.

Musathamangire kulemba "kuwotcherera chigamba" musanadziwe chomwe chigobacho anapangira, mungalembe bodza. Zigoba zambiri ndi za aluminiyamu, ndipo chigamba chachitsulo sichigwira pa aluminiyamu ngakhale muwotcherere mpaka dzuwa kulowa. Chimenecho chimaboolewa n'kumangidwa ndi mabawuti, ndiye papepala palembedwe "kumanga". Chigamba chowotcherera chikhale cha aluminiyamu yemweyo, pa makina a TIG (owotcherera ndi magetsi) ndi gasi wa argon. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 a Celsius asanafiire n'komwe, choncho diso silikuchenjezani.

Chigobacho chikakhala cha cast iron (chitsulo chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole), chitenthetseni chonse kaye, mugwiritse ndodo za nickel, muziwotcherera masentimita 2 kapena 3 n'kupumira. Mukamaliza chikwirireni mumchenga wouma. Kuchisiya pamphepo ya mu June ya kuno ku Dedza ndi Ntcheu n'kuitana mng'alu wina pambali pa woyambawo.

Kaya ndi chamtundu uti, yambani mwatsuka mafuta onse, muboole kabowo ka mamilimita 3 kumapeto onse a mng'alu kuti usapitirire, kenaka mupale ngalande yooneka ngati V. Powotcherera, chigobacho chikhale chomangidwa pa buloko ya injini kapena pa chitsulo chosalala, apo ayi moto uchipinda. Chikasuntha pakati kupitirira mamilimita 0.13, bearing ya input shaft (shafti yolowetsa mphamvu ya injini mu giyabokosi) imatha msanga ndipo magiya amayamba kukana kulowa.

Mawu oti "kumata" asungireni guluu ndi matope. Tikamva makaniko akuti "tangomatapo", timadziwa kuti galimotoyo sichedwa kubwerera ku galaja.