Fracking siingathetse kuzimazima kwa magetsi kuno

Achimwene, mwafunsa ngati fracking ingatichotsere vuto la kuzimazima kwa magetsi kuno ku Blantyre. Ine ndikukana. Panjira imeneyi amapopera pansi mwamphamvu madzi ambirimbiri osakaniza ndi mchenga ndi mankhwala kuti thanthwe ling'ambike, gasi wopangira magetsi atuluke. Ku Karoo, ku South Africa, alimi anaikana poopa kuti zitsime zawo ziwonongeka. Nanga ife, amene amayi athu amalawirira mbandakucha ndi zigubu kukaima pamzere pa kiyosiki ku Ndirande, madzi otayira pansiwo tiwatenga kuti?

Vuto lathu ndi loti magetsi ambiri amachokera mumtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataphwasula damu la Kapichira mu 2022, tinataya pafupifupi mamegawati 130 nthawi imodzi. Mu 2023 Freddy anakokolola matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Nyengo yasinthadi, ndipo mapiri tawameta tokha ndi makala.

Koma dzuwa ndiye tili nalo. Ku Salima kuli kale sola ya mamegawati 60, ndipo ya ku Golomoti ili ndi mabatire osunga mphamvu yogwiritsa ntchito dzuwa likalowa. Ndalama zipite kumeneko, zina zifalitse chitetezo mbaula, yomwe siidya nkhuni zambiri.