Kugwira ntchito ya magetsi uku mukuphunzira digiri: yankho kwa achimwene a ku Area 25

Achimwene, mwati kampani ina ya zamagetsi ku Kanengo ikufuna kukulembani ntchito, ndipo abwana ake alonjeza kuti azikulolani kuphunzira mpaka mupeze digiri ya uinjiniya, monga munamvera kuti amachitira ku England. Mukufunsa ngati muvomere kapena mudikire malo ku yunivesite. Ife tikuti vomerani, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma lonjezolo lilembedwe papepala musanavale ovolosi.

Zimene munamva za ku England ndi zoona. Amazitcha degree apprenticeship ndipo zinayamba mu 2015. Munthu amalembedwa ntchito, amalandira malipiro, fizi salipira yekha, ndipo maola ena a ntchito amawapatula kuti akhale a maphunziro. Koma zimenezo zili m'malamulo a kwawoko, ndipo ndi za anthu amene ali kale ndi chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito m'dzikomo. Kuno njira yodziwika ndi ya TEVETA, yoti miyezi ina muli ku koleji monga Lilongwe Technical College, miyezi ina muli ku kampani. Imeneyo imatulutsa mmisiri wa satifiketi, osati injiniya wa digiri. Digiri muipeza ku yunivesite monga MUBAS ku Blantyre, imene kale tinkaitcha Polytechnic, ndipo ya uinjiniya imatenga zaka 5.

Ndiye afunseni abwanawo mwaulemu koma mosazungulira: digiriyo ndi ya sukulu iti, ndipo makalasi ake ali kuti? Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 300, si ulendo woti muziyenda mukaweruka. Akakutchulirani sukulu ina, kafunseni ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka, komanso ku Malawi Engineering Institution ngati adzakulembetseni ngati injiniya mukamaliza. Pepala limene bungweli silikulidziwa lidzangokongoletsa khoma la pa balaza.

M'kontirakiti mulembedwe amene azilipira fizi, masiku amene muzikhala ku sukulu osadulidwa malipiro, ndi tchuthi cha mayeso. Lamulo la ntchito limanena maola 48 pa sabata, koma pa saiti pamene kontirakita akuthamangitsana ndi tsiku lopereka nyumba, Loweruka ndi Lamlungu zimamezedwa, ndipo woyamba kuvutika ndi amene ali ndi mayeso Lolemba. Penshoni ikhalemonso: kampani imaika 10 peresenti, inu 5. Pamene ambiri amagwera m'mbuna ndi pa bondi. Kampani ikakulipirirani sukulu imafuna muigwirire ntchito zaka zingapo mukamaliza, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Chofunika n'chakuti zakazo zitchulidwe, ndipo ndalama zobweza mukachoka msanga zizichepa chaka ndi chaka. Funsaninso chimene chidzachitike mukalephera phunziro limodzi, kapena kampaniyo ikatseka inu muli chaka chachitatu.

Tsopano za ntchito yeniyeniyo. Miyezi yoyamba mudzasema zipupa, kuika mapaipi ndi kukoka mawaya. Musanyansidwe nazo, injiniya amene sanakokepo waya mupaipi amajambula zinthu zimene amisiri amaseka. Koma chikatha chaka mukadali ndi tchizulo ndi hamala basi, dziwani kuti akuyesani waganyu wotchipa. Khalani ndi logbook, muzilembamo tsiku, saiti, chimene munachita ndi manambala amene munayeza, ndipo injiniya wolembetsedwa azisayina mwezi uliwonse. Osadikira kuti adzasayine zonse pamodzi kumapeto, anthu amasintha ntchito.

Chinthu choyamba kuphunzira, musanafike pa zina zonse, ndi kuzimitsa bwino. Tsitsani bureka, ikani loko, kiyi akhale m'thumba mwanu, pachikani chikwangwani. Kenako yesani tester yanu pamalo pamene mukudziwa kuti pali magetsi, yezani pamene mukufuna kugwira ntchito, live ndi neutral, live ndi earth, neutral ndi earth, mubwerenso kukayesa tester ija kuti mutsimikize kuti sinafe pakati. Kasikuludiraiva koyaka kaja si koyezera moyo wa munthu. Ndipo kuno kwathu, kumene magetsi amathima n'kubwera osagogoda, musakhulupirire waya chifukwa choti dera lonse lili mumdima. Jenereta ya mnansi yolumikizidwa popanda changeover, swichi yolekanitsa jenereta ndi magetsi a ESCOM, imabweza mphamvu mumzere wa ESCOM, ikadutsa pa thiransifoma imakwera kufika 11kV. Inverter ya sola ndi VFD, chipangizo chosinthira liwiro la mota, nazonso zimasunga mphamvu m'macapacitor kwa mphindi zingapo mutazimitsa.

Chachiwiri ndi kuyeza, chifukwa m'pamene pamasiyanira wolumikiza mawaya ndi injiniya. Musanayatse nyumba yatsopano, yezani kuti waya wa earth wafika pa soketi iliyonse. Yezani insulation, chokutira cha mawaya, ndi chipangizo chotchedwa megger pa 500V DC, nambala isatsike pansi pa 1 megaohm, ndipo pa mawaya atsopano iyenera kukwera kutali kuposa pamenepo. Chotsani mababu a LED ndi zipangizo zonse musanayambe, apo ayi megger izipsereza. RCD ya 30mA, bureka imene imagwa magetsi akamathawira ku earth, iyenera kugwa pasanathe 300ms. Pa masaizi, 1.5mm² ndi ya mababu, 2.5mm² ya masoketi, 6mm² ya cooker, koma musaloweze ngati nyimbo ya ku sukulu ya mkaka. Waya ukatalika, voteji imatsika panjira. Malire ake ndi 3 peresenti pa mababu ndi 5 peresenti pa zina, choncho pampu ya pa mjigo imene ili mamita 150 kuchoka pa bolodi imafuna kebulo yonenepa kuposa imene bureka yokha ikanakuuzani. Chenjeraninso ndi mawaya otchipa a pamsika, ena ndi aluminiyamu wopakidwa kopa. Palani ndi mpeni, mukaona zoyera mkati, asiyeni.

Masamu a m'kalasi mudzakumana nawo pa chigayo. Tengani mota ya 15kW pa 400V, power factor 0.85, efficiency 0.9. Gawani 15,000 ndi 1.732 × 400 × 0.85 × 0.9, mupeza pafupifupi 28A. Mukailiza molunjika imakoka kuwirikiza ka 6 mpaka ka 8 poyamba, n'chifukwa chake timaika star-delta, imene imatsitsa kukokako kufika gawo limodzi mwa magawo atatu. Apa ndi pamene amisiri ambiri amaphera mota. Overload, kachipangizo kozimitsa mota ikakoka mopitirira, ikakhala mkati mwa delta, siona 28A yonse, imaona 0.58 yake, ndiye iyenera kuikidwa pa 16A. Mukaiika pa 28A, tsiku limene phase imodzi yatayika mota ipitiriza kulira ndi ziwiri zotsalazo, overload ili chete, mpaka mwini chigayo amve fungo la vanishi wopsa. Vuto lina lofanana nalo ndi neutral yoduka pa three phase. Mababu a mbali ina amazilala, a mbali ina amawala mopitirira, chifukwa m'malo mwa 230V zipangizo zina zikulandira voteji yoyandikira 400V. Mukaona zimenezo thamangirani ku main switch, osayamba kusintha mababu. Ndipo mawaya otuluka pa CT, kathiransifoma koyezera ma amp odutsa mu waya, musawasiye otseguka mzere uli ndi katundu, amatulutsa voteji yoti n'kukugwetsani.

Ku sukulu chimene chimagwetsa anthu ogwira ntchito si maphunziro a magetsi, koma masamu a chaka choyamba ndi chachiwiri: calculus, complex numbers, kenako Laplace. Manja amakhala akudziwa, mutu watopa. Ola limodzi m'mamawa musanakwere minibasi ya ku Kanengo limaposa maola atatu usiku mutakhala tsiku lonse pa makwerero. Ngati masamu ndi fizikisi za pa MSCE zinali zofooka, yambani kubwereza tsopano.

Ngati abwanawo avomereza kuti digiri siingatheke panopa, ntchitoyo musaikane. Pemphani kuti akulembetseni kudzera ku TEVETA, mupeze satifiketi, ndipo mukakwanitsa zofunika mutenge chilolezo cha MERA cholumikizira magetsi m'nyumba, chifukwa popanda chimenecho simungasayinire ntchito yanu kuti ESCOM ibwere kudzaika mita. Kuchokera pamenepo mutha kupita ku dipuloma, kenako ku digiri, logbook ija ili m'manja. Zida zanuzanu yambani ndi multimeter ya CAT III 600V, two-pole tester, masikuludiraiva okutidwa olembedwa 1000V, loko mmodzi ndi nsapato za sefite. Megger ndi yodula, imeneyo igule kampani.