Mjigo wathu ndi wamchere: ndiphunzire chiyani kuti ndizimvetse?

Funso, kuchokera kwa mtsikana wa Fomu 4 ku Chikwawa: "Mjigo wa m'mudzi mwathu umatulutsa madzi amchere, koma wa kusukulu, pafupi pomwepa, madzi ake ndi abwino. Zimatheka bwanji? Nanga pali ntchito yoyang'ana zimenezi?"

Zimatheka, ndipo ntchitoyo ilipo. Madzi a pansi amatengera miyala ndi dothi zomwe adutsamo, komanso nthawi yomwe akhalamo. M'chigwa cha Shire pansi pali mchenga ndi dongo zosanjikizana. Mumchenga madzi amayenda, mvula n'kumawonjezera atsopano. Mudongo amakhazikika nthawi yaitali, ndipo pomwe ali pafupi ndi pamwamba, kutentha kumawauma n'kusiya mchere wokhawokha. Mijigo iwiri yoyandikana itha kuboola misanjiko yosiyana, basi kakomedwe n'kusiyananso.

Mchere umadziwika pa lilime. Woopsa ndi fuloraidi, yemwe sakoma kanthu. Amasungunuka kuchokera m'miyala ina, makamaka pomwe madzi ndi otentha, monga pafupi ndi akasupe a madzi otentha, kapena pomwe muli kashiyamu wochepa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Akapitirira, mano a ana amachita mawanga ofiirira osachoka. Kuwiritsa sikuthandiza, kumangomuchulukitsa. Madzi ofiirira ochokera mumjigo nthawi zambiri ndi chitsulo, cha m'miyala kapena cha mapaipi adzimbiri, pomwe naitireti wochuluka amaloza ku zimbudzi kapena feteleza.

Woyeza madzi sangofika n'kutunga. Amapopa kaye kuti madzi ogona mupaipi atuluke, n'kuyeza pH (muyeso wa asidi m'madzi), kutentha ndi kuchuluka kwa mchere pomwepo pamjigo, chifukwa zina mwa izi zimasintha m'botolo. Botolo loyezera zitsulo amalithira asidi pang'ono, apo ayi chitsulo chimadikha pansi, labotale n'kupeza chochepa. Mabotolo amayenda mubokosi lozizira.

Tsono limbikira Chemistry, Masamu, Physics ndi Geography. Mayunivesite aboma amafuna makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ophunzira ambiri amagwera pa Masamu, usawapeputse. Yunivesite ya MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya Water Quality and Management, Mzuzu University ili ndi maphunziro a kasamalidwe ka madzi, ndipo ku Zomba, University of Malawi imaphunzitsa Chemistry ndi sayansi ya miyala. Mndandanda wa maphunziro a chaka chomwe ukufunsira malo uuone kwa NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, usanasankhe.

Ntchito zimapezeka ku mabodi a madzi, ku National Water Resources Authority, ku labotale za boma, ku makampani okumba mijigo ndi ku migodi. Makolo ako adziwiretu kuti ndi ntchito ya majombo ndi dzuwa, nthawi zina masabata angapo kutali ndi kwanu.