Mafunso ndi Mayankho: Ndani ali ndi ufulu wotsegula fayilo ya katswiri wodzachita kafukufuku?

FUNSO: Akonzi, ndine kalaliki mu ofesi ina ya boma kuno ku Mzuzu, ndipo mwa ntchito zina ndimasunga mafayilo a akatswiri a sayansi amene amabwera kudzachita kafukufuku, ena ochokera kunja, ena Amalawi anzathu amene apatsidwa thandizo la ndalama. M'mafayilomo mumakhala mafotokope a pasipoti, zikalata za maphunziro, makalata a kuchipatala, nambala ya akaunti ya kubanki ndi dzina la wachibale woti adziwitsidwe pakagwa zadzidzidzi. Posachedwapa kudabwera bambo wina amene adati ndi mtolankhani, ndipo adafuna kuona fayilo ya mlendo wina ponena kuti lamulo limalola nzika iliyonse kuona zikalata za boma. Ndidakana, koma mtima sunakhale pansi. Kodi ndidalakwa? Komanso kabati yadzaza ndi mafayilo a anthu amene adabwerera kwawo kalekale. Kodi ndingawatenthe? Ndine Mayi wa ku Luwinga.

YANKHO: Mayi, simudalakwe, ngakhale kuti bamboyo sadalankhule zopanda mutu. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information la 2017, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, lidaika ndondomeko ya kapemphedwe kake. Koma malamulo aakulu omwewo, m'gawo 21, amateteza chinsinsi cha munthu aliyense, ndipo lamulo la 2017 lomwelo lili ndi ndime zoteteza nkhani zokhudza moyo wa munthu wina payekha. Chinanso n'chakuti pempho lotere siligamulidwa pa kauntala. Ofesi iliyonse ya boma iyenera kukhala ndi mkulu wosankhidwa kuti azilandira mapempho a mtunduwu, yankho liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo amene sanakhutire angadandaule ku bungwe la Malawi Human Rights Commission. Akadzabweranso bamboyo, mudzawalandire mwaulemu ndi kuwaperekeza kwa mkuluyo.

Komabe sindikufuna kuti mutenge yankho langa ngati chilolezo chobisa zonse, chifukwa mbali yaikulu ya zimene mtolankhani angafune kudziwa ndi zoti anthu onse ayenera kuzidziwa. Chigawo cha Kumpoto chakhala chikulandira ofufuza kwa nthawi yaitali. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, kafukufuku amene adayamba m'chaka cha 1979 ndi matenda a khate adapitirira mpaka kukhudza chifuwa chachikulu ndi Edzi, ndipo pano pa Mzuzu tili ndi malo a kafukufuku wa ulimi a Lunyangwa komanso yunivesite ya Mzuzu. Amene amapereka magazi, kuyankha mafunso ambirimbiri ndi kulola alendo kuti alowe m'minda mwawo ndi anthu wamba a m'midzi. Anthu otere ali ndi ufulu wonse wodziwa kuti mlendoyo ndi ndani, watumidwa ndi bungwe liti, akufufuza chiyani, ndalama zake zikuchokera kuti, ndiponso ngati zimene watola zidzatumizidwa kunja kwa dziko. Kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa asanayambe, kaya ndi komiti ya National Health Sciences Research Committee pa za umoyo, kaya ndi komiti yoona za kafukufuku ya pa yunivesite, ndipo zonsezi zimayang'aniridwa ndi bungwe la National Commission for Science and Technology, limene lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2003. Ine ndimaona kuti kalata yovomereza kafukufuku si chinsinsi cha wofufuzayo, ndipo ofesi imene ingaibise ponamizira kuteteza mlendo ikuwalakwira eni dera.

Vuto lanu lenileni n'lakuti zonsezi zili m'fayilo imodzi, kalata yovomereza kafukufuku itakhomedwa pamodzi ndi zotsatira za kuchipatala. Ndikukulangizani kuti mupemphe abwana anu kuti akuloleni kuigawa pawiri. Fayilo yoyamba ikhale ya ntchito, momwe muzikhala mutu wa kafukufuku, chivomerezo, nthawi yake ndi malipoti. Yachiwiri ikhale ya munthuyo, yotsekeredwa m'kabati ya loko, kiyi wake ali ndi anthu odziwika, ndipo pakhale kaundula wolembamo dzina la aliyense amene waitenga, tsiku, chifukwa chake ndi nthawi imene waibweza.

Nthawi zambiri chinsinsi sichiwululika chifukwa cha mtolankhani, koma chifukwa cha timachitidwe tathu ta tsiku ndi tsiku. Makina a fotokope akawonongeka, mesenjala amatumidwa m'tauni ndi pasipoti ya mlendo, ndipo tsamba limene latuluka lodetsedwa limasiyidwa m'dengu la zinyalala la pashopupo, dzina, nkhope ndi tsiku lobadwa zikuoneka bwinobwino. Wina amajambula chikalata ndi foni n'kuchiponya pa gulu la WhatsApp la ofesi kuti dalaivala aone dzina la munthu woti akamutenge pa depoti, ndipo chithunzicho chimakhalabe m'mafoni a anthu onse a pagulupo ngakhale ena a iwo atasiya ntchito. Tonse tidagulapo mandasi kapena mtedza wokulungidwa m'pepala lokhala ndi chidindo cha ofesi. Pepala limenelo lidachokera m'kabati ya munthu wina amene ankafuna kupeza malo.

Kuyambira mu June 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza nkhani zokhudza munthu payekha la Data Protection Act, ndipo bungwe loona za mafoni ndi mawailesi la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Mfundo zake zikugwirizana ndi ntchito yanu: ofesi itenge nkhani zokhazo zimene ikuzifunadi, izigwiritse ntchito pa cholinga chimene idazitengera, izisunge motetezeka, ndipo isazisunge kupitirira nthawi yoyenera. Munthu amene nkhanizo zikumukhudza ali ndi ufulu woona zimene zidalembedwa za iye ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe, pamene nkhani za umoyo wake zimafuna chisamaliro chapadera. Ngakhale apolisi kapena a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko akafuna kanthu, abwere ndi kalata yonena lamulo limene likuwapatsa mphamvu, ndipo apatsidwe chokhacho chimene kalatayo yatchula.

Pa za kutentha, musatero ayi. Zikalata za boma siziwonongedwa popanda chilolezo cha nthambi ya National Archives, imene likulu lake lili ku Zomba, ndipo ndi iwo amene angakuuzeni zoyenera kusamutsidwa, zoyenera kusungidwa mpaka kalekale ndi zoyenera kuwonongedwa motetezeka. Mafayilo a ntchito ndi ofunika ngakhale patapita zaka, pamene wofufuza akufuna umboni woti adagwirapo ntchito kuno, kapena pamene pabuka mkangano pa za magazi kapena mbewu zimene zidatengedwa. Moto umene udapsereza laibulale ya yunivesite ya Mzuzu mu December 2015 udationetsa kuti pepala limatha usiku umodzi, koma kompyuta nayo si linga, pakuti mu February 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti adalowereredwa ndi akathyali a pa intaneti. Mukamasunga zikalata pa kompyuta, pakhale nambala yachinsinsi ya munthu aliyense payekha, ndipo zisamayende pa fulashi ya m'thumba.

FUNSO: Bambo mkonzi, ndapeza mwayi wokachita kafukufuku kwa chaka chimodzi pa bungwe lina la boma la America, ndipo mafomu awo akufunsa zambiri, mpaka za katemera ndi za banja langa. Kodi kumeneko zimasungidwa bwanji? Ndine mnyamata wa ku Chibavi.

YANKHO: Achimwene, ku America kuli lamulo la Privacy Act la 1974, limene limalamula nthambi iliyonse ya boma kuti ilengeze m'gazeti yotchedwa Federal Register za mtundu uliwonse wa kaundula wa anthu amene ikusunga. Chilengezocho chimanena anthu amene ali m'kaundulamo, nkhani zimene zimasungidwa, amene angapatsidwe nkhanizo ndi nthawi imene zidzasungidwe. Dziwani kuti ufulu wa m'lamulo limeneli, woona ndi kukonzetsa fayilo, udaperekedwa kwa nzika za America ndi kwa amene ali ndi chilolezo chokhala kumeneko mokhazikika, choncho mlendo wa chaka chimodzi nthawi zambiri amadalira lamulo lopereka ufulu wopempha zikalata za boma la Freedom of Information Act, limene munthu wa dziko lililonse angagwiritse ntchito. Izi zikusiyana ndi maiko a European Union, kumene lamulo loteteza nkhani za anthu la GDPR, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu May 2018, limateteza aliyense amene ali kumeneko posayang'ana kwawo. Musanasaine, werengani ndime yonena za kagwiritsidwe ntchito ka nkhani zanu, funsani ofesi yolandira alendo kuti ndi mafunso ati amene muyenera kuyankha mokakamizidwa ndi lamulo, ndipo musunge kope la fomu iliyonse imene mwatumiza.