Yankho kwa mtsikana wofuna kukaphunzira zamalamulo ku Zomba

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mtsikana wa ku Ntchisi amene walemba mayeso a MSCE pa sukulu yoyendera ya CDSS ndipo wapeza mapointi 16. Akuti amalakalaka kudzakhala loya, ndipo mtima wake uli pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, koma kwawo palibe amene anafikapo ku sukulu ya ukachenjede woti n'kumulangiza. Akufunsa momwe angapemphere malo, ngati mapointi akewo akukwanira, komanso ngati mwana amene makolo ake amadalira ulimi wa soya ndi chimanga angathe kukhala ku Zomba zaka zonse za maphunziro osabwerera panjira.

Mng'ono wanga, choyamba ndikuyamikireni, chifukwa mapointi 16 pa sukulu imene mabuku amachita kubwerekana sabwera mwangozi. Ndiyambe ndi kulongosola dzina la sukuluyi, popeza akuluakulu ambiri amene mudzawafunse nzeru akudziwa dongosolo lakale. Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira oyamba mu 1965, ndipo kwa zaka zambiri inali ndi makoleji angapo. Koleji ya Bunda inachoka n'kukhala LUANAR, kenako mu 2021 Polytechnic inakhala MUBAS, pomwe makoleji a madokotala ndi anamwino anapanga KUHeS. Imene yatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi, mwachidule UNIMA, ndi ija anthu amaitchulabe kuti Chanco, imene inasamukira ku Zomba mu 1973. Choncho ngati wina akuuzani kuti ku UNIMA kuli maphunziro a unamwino, dziwani kuti akunena za kale.

Pempho lanu la malo silipita ku Zomba. Limapita ku bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE, limene limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, kuphatikizapo Mzuni ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Bungweli limalengeza m'nyuzipepala ndi pa intaneti nthawi yolandira mafomu ikakwana, ndipo chilengezocho chimatchula zaka za MSCE zimene zikulandiridwa, ndalama yolipira pofunsira malo, njira yolipirira ndi tsiku lotsekera. Chiwerengeni chonse nokha, kawiri, osati kungomva kwa mnzanu. Lisiti ya malipiro muisunge bwino, ndipo dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya mayeso zifanane ndendende ndi zimene zili pa zikalata za bungwe la mayeso la MANEB. Ngati mukalembera pa kompyuta ya munthu wina pa Boma, khalani pambali pake mpaka atumize, ndipo nambala ya foni yolembedwapo ikhale yanu. Aliyense amene angakuuzeni kuti ali ndi m'bale wake mkatimo ndipo angakupezereni malo mukamupatsa kangachepe ndi wakuba, musamupatse ngakhale tambala.

Muyezo woyamba ndi wakuti mukhale ndi makirediti asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Kirediti ndi giredi 6 kapena yoposa pamenepo ubwino. Komatu umenewu ndi muyezo wongokulowetsani mumpikisano, chifukwa oufikira amachuluka kwambiri kuposa malo amene alipo. Kuyambira 2020 dongosolo la kota, limene linkagawa malo potengera boma limene munthu akuchokera, linathetsedwa, ndiye chimene chikuyankhulirani ndi magiredi anu. Ndipo apa m'pamene ndikufuna mumvetsetse: chiwerengero cha mapointi pachokha sichinena zonse, popeza pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana. Munthu wa mapointi 12 amene Masamu anapeza giredi 6 akhoza kukanidwa ku pulogalamu ya zachuma imene wina wa mapointi 15 koma wamphamvu pa Masamu walowa. M'kalata yanu simunatchule magiredi a phunziro lililonse, choncho tengani pepala la zotsatira, muliyike pambali pa mndandanda wa mapulogalamu, ndipo muone mosadzinamiza kumene mphamvu zanu zagona.

Fomu imakupatsani mwayi wosankha mapulogalamu angapo motsatana, ndipo chaka ndi chaka ana anzeru amatsala chifukwa chodzaza mipata yonse ndi mapulogalamu amene aliyense akuwathamangira. Malangizo anga ndi akuti pamwamba muike chimene mtima wanu ukufuna, koma pansi pakhale mapulogalamu amene magiredi anu akuwakwanira mosakayikitsa, ngakhale atakhala a ku yunivesite ina. Musanyoze maphunziro a uphunzitsi. Ambiri amawaona ngati pothawira, chikhalirecho digiri imeneyi yatulutsa anthu amene lero akutsogolera maofesi aakulu, ndipo kwa inu ikhoza kukhala khomo lolowera kumene mukufuna.

Ndanena zimenezi chifukwa cha nkhani ya uloya. Ku UNIMA munthu salowa maphunziro a zamalamulo kuchokera ku Folomu 4. Amayamba waphunzira chaka chimodzi cha digiri ina, n'kukhoza bwino, kenako n'kupempha malo yunivesite ikalengeza, ndipo pamenepo amapikisana ndi ena, kuphatikizapo amene anamaliza kale madigiri awo ndipo ali pa ntchito. Akasankhidwa, zaka zinayi za malamulo zimayambira pamenepo. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti chaka choyamba si chaka chozolowera mzinda. Sankhani pulogalamu imene imafuna kuwerenga ndi kulemba kwambiri, monga ya mbiri, zilankhulo, ndale kapena chikhalidwe cha anthu, koma ikhale imene mungasangalale kuimaliza ngakhale khomo la malamulo litapanda kutseguka ulendo woyamba. Zimamvetsa chisoni kuona wophunzira akukakamira zaka zinayi pa maphunziro amene anawasankha ngati mlatho chabe.

Tsopano za ndalama, zimene ndikuona kuti ndizo zakulembetsani kalatayi. Masiku amene boma linkadyetsa ophunzira ku kafeteriya ndi kuwapatsa ndalama za m'thumba anapita. Lero wophunzira amadzilipirira fizi, pogona ndi chakudya. Thandizo lalikulu kwa osowa ndi ngongole yochokera ku bungwe la HESLGB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Ngongoleyi sibwera yokha chifukwa choti mwasankhidwa. Imafuna pempho lakelake, chiphaso cha unzika ndi umboni wosonyeza kuti banja lanu silingakwanitse, ndipo ili ndi tsiku lake lotsekera. Si onse opempha amene amalandira, ndipo olandirawo adzabweza akamaliza maphunziro. Ngakhale mutaipeza, musawerengere kuti ndalamazo zidzakhala m'manja tsiku lotsegulira sukulu. Khalani pansi ndi makolo komanso amalume panopa, mayina asanatuluke, mukambirane zosunga matumba angapo a soya kuti adzagulitsidwe pa nthawi yonyamuka, kuti mudzakhale ndi ndalama ya ulendo, lendi ya miyezi iwiri yoyamba ndi ndiwo. Ufa ndi nyemba zochokera kumudzi zimapulumutsa ophunzira ambiri, ndipo palibe chochititsa manyazi kutsika basi ku Zomba mutanyamula thumba la ufa.

Malo ogona a pasukulu ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira. Mukalandira kalata yokuitanani, pemphani malo ku hositelo mwamsanga, koma konzekeraninso kuti mwina mudzachita lendi kunja. Ambiri amakhala ku Chikanda, mudzi woyandikana ndi sukuluyi, ena amafika mpaka ku Matawale. Nyumba zake n'zosiyanasiyana, ndiye musatumize ndalama kwa munthu amene mwangomupeza pa WhatsApp musanaone chipinda ndi maso anu. Onani chitseko ndi loko, funsani za madzi, chimbudzi ndi magetsi, ndipo yezani mtunda woyenda usiku pochokera ku laibulale. Poweruka usiku muziyenda pagulu. Bulangeti lokhuthala ndi ambulera musaziiwale, chifukwa mzindawu uli m'munsi mwa phiri, mvula imagwa yambiri ndipo mu June ndi July kumazizira.

M'kalasi mudzapeza dziko lina. M'chaka choyamba maphunziro ena amasonkhanitsa ophunzira mazana m'chipinda chimodzi, mphunzitsi amalankhula n'kutuluka, ndipo palibe amene adzabwere kudzafunsa chifukwa chimene simunaonekere dzulo. Magiredi amachokera ku ntchito za mkati mwa semesita pamodzi ndi mayeso omaliza, kotero munthu amene wagona miyezi iwiri yoyamba amalowa m'mayeso ali kale ndi ngongole. Wolephera pang'ono amalemba mayeso obwereza amene ophunzira amawatcha sapu, ndipo wolephera kwambiri amachotsedwa sukulu, kumene iwo amati kuwidedwa. Masabata oyamba mudzamva anzanu ochokera ku sukulu zotchuka akulankhula Chingerezi chothamanga, ndipo mwina mudzadziona wochepa. Zimenezo zisakufooketseni. Wophunzira wa ku CDSS amafika atazolowera kale kudziwerengera yekha popanda womukankha, ndipo luso limeneli ndi limene yunivesite imafuna kuposa lina lililonse. Khalani kutsogolo, funsani mafunso, lowani kagulu kokambirana ka anthu olimbikira, ndipo phunzirani msanga kulemba nkhani yotchula mabuku amene mwagwiritsa ntchito, chifukwa kukopera ntchito ya wina ndi mlandu waukulu kumeneko. Laputopu imathandiza koma ikhoza kudikira, foni yotha kutsegula intaneti ndiyo yofunika kuyambira tsiku loyamba.

Moyo wa kunja kwa kalasi ndi wokoma ndithu. Kuli magulu a mapemphero monga SCOM ndi a mipingo yosiyanasiyana, gulu la ophunzira achisilamu, makwaya, masewero, zisudzo, mitsutso ndi wailesi ya pasukulupo, ndipo kwa munthu wofuna uloya gulu la mitsutso ndi sukulu payokha. Ophunzira akale adzakutchulani kuti yaro, dzina la aliyense wa chaka choyamba, ndipo zambiri zimathera m'macheza. Koma pali china chimene sindingachilambalale polembera mtsikana. Ndalama zikatha pakati pa semesita pamapezeka amuna, ena a m'tauni, ena a pasukulu pomwepo, amene amabwera ndi thandizo lokhala ndi mtengo wobisika. Lamulo la dziko lino la mu 2013 lokhudza kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndipo yunivesite ili ndi ofesi yoona za umoyo wa ophunzira kumene mungakadandaule kapena kukafotokoza vuto la ndalama zinthu zisanafike poipa. Dziwani kumene ofesiyo ili m'sabata yoyamba, ndipo pezani mayi mmodzi wamkulu, wa kumpingo kapena wophunzira wa chaka chomaliza, amene mungamuuze zakukhosi.

Pakati pa kutuluka kwa mayina ndi kutsegulira kwa sukulu pamatha kudutsa miyezi yambiri. Nthawi imeneyo werengani nyuzipepala ndi buku lililonse la Chingerezi limene mungalipeze, phunzirani kulemba pa kompyuta, ndipo ngati sukulu yanu yakale ikusowa wothandiza ana a Folomu 1, dziperekeni. Dzina lanu likapanda kutuluka, onani ngati chaka cha MSCE yanu chikulandiridwabe ulendo wotsatira n'kupemphanso mutasintha masankhidwe a mapulogalamu. Mukaganiza zopita ku koleji yomwe si ya boma, yambani mwaona pa mndandanda wa NCHE ngati kolejiyo ndi pulogalamu yakeyo n'zovomerezeka musanalipire kalikonse. Mukanditumizira magiredi a phunziro lililonse, tidzaonera limodzi mapulogalamu oyenera kuika pa fomu yanu.