Musathamangire kugulitsa mapositala a apongozi anu

Mphwanga wina wokhala ku Leeds wandilembera imelo. Apongozi ake aamuna, mzungu wa konkuno, anamwalira chaka chatha, ndipo pokonza m'nyumba apeza katoni yodzaza mapositala ndi timapepala ta zoimbaimba za punk, nyimbo zaphokoso za achinyamata opanduka, za m'ma 1970. Akufunsa ngati m'katonimo muli ndalama, ndiponso ngati agulitse kapena angotaya, popeza ambiri ndi ong'ambika komanso akununkha chinyezi.

Mphwanga, musataye ngakhale kamodzi. Ndiloleni ndiyambire patali.

Ine ndinafika ku London mu 1977 kudzaphunzira, kuchokera ku Malawi wa Kamuzu kumene mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali ndipo mkazi wovala thalauza ankaphwanya lamulo. Ndiye taganizani kutsika basi n'kukumana ndi anyamata ndi atsikana tsitsi lili njo, lopakidwa utoto, malaya ong'amba dala n'kulumikiza ndi mapini. Ndinkawaopa, ndipo chifukwa chinalipo. Ena ankavala chizindikiro cha chipani cha Nazi pofuna kupsetsa mtima makolo awo, nthawi yomweyo a National Front akuguba m'misewu kufuula kuti ife akuda tibwerere kwathu.

Panyumba yomwe ndinkachita lendi panali mnyamata wina wa tsitsi lobiriwira. Usiku ankasakaniza ufa wa tirigu ndi madzi mu ndowa, guluu wangati phala la mwana, n'kutuluka kukamata mapositala m'makoma mozemba apolisi. Ndi iyeyo amene anandikokera ku Trafalgar Square pa 30 April 1978. Tinaguba mpaka ku Victoria Park, kum'mawa kwa mzindawu, kumene mabungwe olimbana ndi tsankho a Rock Against Racism ndi Anti-Nazi League anakonza chiphwando cha nyimbo. The Clash, X-Ray Spex, Tom Robinson Band, ndi Steel Pulse, anyamata akuda a reggae ochokera ku Birmingham, onse anaimba pa nsanja imodzi. Khamu losaoneka mapeto, azungu ndi akuda kuvinira limodzi. Ndinalira pamenepo. Pa 4 May, sabata isanathe, Altab Ali, mnyamata wa ku Bangladesh wogwira ntchito yosoka zovala, anaphedwa ndi achinyamata atsankho ku Whitechapel, dera lomwelo la kum'mawa. Umu ndi mmene zinthu zinalili pamene mapepalawo ankamatidwa.

Dziwani kuti masiku amenewo kunalibe Facebook. Nyumba zambiri zoulutsa mawu sizinkafuna nyimbo zimenezi, ndipo makhonsolo ena ankaletsa zoimbaimba zake. Positala ndiye inali mthenga. Ana osaphunzira zojambula ankadula zilembo m'nyuzipepala, kumata, kuchita fotokope, basi. Jamie Reid, amene ankajambulira gulu lotchuka la punk la Sex Pistols, anatchukitsa kalembedwe ka zilembo zodulidwadulidwa, koma ambiri amene anapanga timapepala ta malo oimbira monga Roxy ku Covent Garden kapena 100 Club pa Oxford Street maina awo sanalembedwe paliponse. Mapepalawo sanapangidwe kuti akhalitse. Mvula inkawasungunula, mawa lake wina n'kumata pamwamba. Amene anapulumuka ndi chifukwa chakuti munthu wina, ngati apongozi anuwo, anawakonda n'kuwasunga.

N'chifukwa chake zimandipweteka kuona positala yotere ili mu fulemu yodula mu ofesi ya munthu amene akanaitana apolisi akanampeza mnyamata uja ndi ndowa yake. Koma amene anandikwiyitsa koposa ndi Joe Corré, mwana wa Malcolm McLaren, manijala wa Sex Pistols, ndi Vivienne Westwood, wokonza zovala za punk. Mu November 2016 anawotcha katundu wa punk pa bwato pa mtsinje wa Thames, amene akuti anali wa mapaundi 5 miliyoni, ponena kuti punk yasanduka malonda. Kuti yasanduka malonda n'zoona, koma kuwotcha ndi mwano. Mbiri imeneyo sinali yake yekha. Inalinso ya Poly Styrene, woimba wa X-Ray Spex, mtsikana wa bambo wa ku Somalia, amene anaima pa nsanja ija ku Victoria Park, ndiponso yathu amene tinaguba tili ndi mantha.

Tsono muchite chiyani

Chotsani katoniyo m'galaja kapena kudenga, muiike pouma, posafika dzuwa. Yalani mapepalawo osapinda, pakati muziika mapepala opanda asidi. Musamate selotepi pong'ambika, musawakutire ndi pulasitiki ya pa makina, musadule m'mbali, chifukwa zonsezi zimagwetsa mtengo. Timabowo ta mapini ndi zipsera za guluu zisakudetseni nkhawa. Makope osindikizidwa pambuyo pake ndi ochuluka kwambiri pamsika, choncho mtengo weniweni angakuuzeni ndi akatswiri a okushoni monga a ku Bonhams, osati munthu wobwera pakhomo ndi ndalama m'manja. Ambiri adzakhala otchipa, ochepa angakhale odula.

Koma katunduyu mwini wake ndi mayi akunyumba pamodzi ndi abale awo. Ngati apongozi aakazi ali moyo, khalani nawo pansi, mutulutse positala imodziimodzi, anene kumene bambo anaitenga ndi amene anapita nawo, inu muzilemba pa pepala lina. Ogula amafuna mbiri yoteroyo, ndipo ana anu adzaifuna kuposa ogulawo. Mukatha zimenezo, munditumizire zithunzi ndione ngati ya Victoria Park ilipo.